Fumbi lachitsulo m'mabotolo a Lerato

Lerato anatulutsa botolo lachinayi m'kabati, n'kuliyang'ana pa getsi, n'kutukwana m'chinenero chakwawo. Nalonso linali litawonongeka. Ine ndinali pa sinki, manja ali m'thovu. Sindinacheuke. Ntchito yanga inali kutsuka, osati kufunsa.

"Malawi," anandiitana. Kumeneko dzina langa linali limenelo. "Mabotolowa ukutsukira sopo uti?"

Ndinamuonetsa. Anali yemwe anandipatsa yekha tsiku loyamba. Anamununkhiza n'kumubweza. Kenako anakhala pampando atagwira kumutu.

Unali mwezi wanga wachiwiri pamalopo, pa yunivesite ina ku Joni. Anandilemba mongoyesa. Miyezi itatu. Akaona kuti ndikutha andisunga, akaona kuti ayi, chipata chinali poonekera. Ndisanafike pamenepo ndinali nditazungulira chaka chonse m'maganyu. Kutchetcha kapinga, kunyamula simenti, kulondera galimoto za eni. Tsiku lina kudya, tsiku lina madzi. Kubwerera kumudzi kunali kotheka, basi imapita sabata iliyonse. Koma kumudzi kunali Che Ajibu.

Che Ajibu ndi alamu anga, achimwene a mkazi wanga. Ine ndine mkamwini m'mudzi mwawo, kufupi ndi Nkopola. Chilimira, ukonde waukulu wa usipa, ndi chawo, boti ndi lawo, injini ndi yawo. Kuyambira pamene ndinakwatira ndinali siginala wawo, munthu wokhala m'bwato la nyali kuitana usipa kuti usonkhane, alovi n'kuuzinga ndi ukonde. Usipa ukachuluka, mwayi unali wa Che Ajibu. Ukasowa, siginala wagona. Tsiku lomwe ndinkakwera basi pa Mangochi anauza anthu pa depoti kuti nkhafi yanga asaipatse wina, ndibwera mvula isanagwe. Anthu anaseka. Mkazi wanga, Abiti Twaibu, sanaseke. Ine ndinalumbira chamumtima kuti bwato limenelo sindidzalikweranso.

Ndiye ntchito ya mabotoloyo ndinaigwira ndi manja awiri.

Sukulu ndinalekeza Sitandade sikisi. Zomwe ankachita m'chipinda chimenecho cha kafukufuku ndinazidziwa chifukwa Lerato anali wolongolola. Anali mtsikana wa ku Lesotho, wamfupi, wa magalasi, akuphunzira kuti akhale dokotala wa mabuku. Akamagwira ntchito ankalankhula, kaya pali munthu kaya palibe. Popeza ine ndinalipo nthawi zonse, zonse zinkagwera ine.

Panali madzi ena oyera ngati mkaka, onanda ngati therere. Ankawatchula kuti likwidi kirisitolo. Anati ndi omwe ali m'galasi la foni. Si madzi enieni, komanso si chinthu cholimba. M'kati mwake tinthu take timaima pamzere, tonse kuyang'ana kumodzi. Ndinati ngati usipa ukamayenda. Anati sadziwa usipa, koma mwina ndi choncho. Ndiye panali fumbi lachitsulo, losalala kuposa ufa, loti kamodzi sungakaone ndi maso. Ankaliphika yekha m'botolo lalikulu, n'kutuluka lakuda ngati phula. Ziwirizi ankazisakaniza.

Cholinga chake chinali cha kuchipatala. Kuli makina ojambula m'thupi mwa munthu, amati MRI. Makinawo ndi maginito aakulu. Anati tsiku lina, zikadzatheka, wodwala adzalandira tinthu timeneti asanalowe m'makinamo, kuti podwalapo paoneke bwino pachithunzi, chotupa chigwidwe chidakali chaching'ono. Pa nthawiyo sizinali zoikidwa mwa munthu. Zinali za m'mabotolo basi. Koma fumbilo linkayenera kukhala lomwazikana mofanana m'madzimo. Likaundana, chithunzi chimatuluka cha mawangamawanga. Lake linkaundana. Akasakaniza Lachisanu zili bwino, pofika Lolemba fumbi laundana.

Anasintha sopo. Anasintha madzi otsukuluzira. Anandiimirira kumbuyo tsiku lonse kuona mmene ndikutsukira. Sanapeze cholakwa. Ine mabotolo ndinkawatsuka kuposa mbale za pa Idi.

Kogona kunali m'garaja ya Mmwenye wina, amuna anayi, tonse a ku Mangochi. Wamkulu wathu anali Che Disi wa ku Namwera, wowotcherera zitsulo. Munthu wa nthabwala. Usipa ukabwera pa basi kuchokera kumudzi ankaugawa ngati mankhwala, pang'onopang'ono, ndipo wodya mothamanga ankamutcha ng'ona. Lachisanu tinkapita limodzi ku mzikiti. M'nyengo yozizira tinkafunda makatoni pamwamba pa bulangete, iye n'kumati tikubwezera kutentha konse komwe tinkadandaula kumudzi. Vuto la garajayo linali limodzi. Chitseko chinali cha malata. Chilichonse chosiyidwa masana chinkayenda.

Malipiro oyamba nditalandira, ndinatumiza kumudzi, ndipo pa zotsala ndinagula kasipika kolumikiza ku foni. Kakuda, kolemera, kukula ngati papaya wamng'ono. Ku yunivesite netiweki inali yaulere. Ine ndinkafika m'mawa kwambiri, ena onse asanabwere, n'kutsegula wailesi ya kwathu. Ndinkakolopa ndikumva Chiyao, uthenga wa maliro, mitengo ya nsomba, zotsatira za mpira. Ola limenelo ndinkakhala ndili kumudzi. Anthu akayamba kufika ndinkazimitsa. Kupita nako ku garaja sindikanayesa. Ndinkakabisa m'kabati, pakona, kuseri kwa thireyi la mabotolo a Lerato. Munali soketi momwemo. Kankagona mmenemo kakudya moto, Loweruka ndi Lamlungu lomwe.

Lolemba lina ndikutulutsa kasipikako, maso anagwa pa mabotolo. Ndinaima. Fumbi silinaundane paliponse. Linaundana mbali imodzi, ya kukhoma. Mabotolo a pakona anali oipitsitsa. A kutali anali abwinoko.

Chinthu chimenecho ndinkachidziwa. Usipa susonkhana wokha. Ukauona wadzaza mbali imodzi ya bwato, ndiye kuti nyali ili mbali imeneyo. Ndinadzifunsa kuti nyali ya m'kabati muno ndi iti. Ndinatenga botolo limodzi lowonongeka kale, n'kuligunditsa ku kasipika. Ndinadikira. Ndinasuntha pang'onopang'ono. Kadontho kakuda kanayamba kutsatira.

Ndinakhala pansi pa simenti, chokolopera chili m'manja. Wailesi inkalengeza za mwera.

Madzulo ndinauza Che Disi. Anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Anati sipika iliyonse ili ndi maginito m'kati, mwana aliyense wophwasula wailesi amadziwa, nanga ine ndinakulira kuti. Ndinati ndinakulira pamadzi. Atatha kuseka anatsitsa mawu.

"Chotsani chinthucho mwakachetechete, nkhani yatha. Watsala mwezi umodzi kuti akusungeni pantchito. Kapena mwayamba kulilakalaka bwato la alamu anu?"

Ndinachita zomwezo. Kasipika ndinakakulunga m'thumba n'kukapereka kwa mlonda wa pachipata. Ndinaganiza kuti zikonzeka zokha.

Sizinakonzeke. Lerato anali atataya kale kaphikidwe kake kakale. Ankakhulupirira kuti ndiko kolakwika. Anayamba kuthira izi, kuchotsa izo, ndipo zatsopanozo zinkaundana zisanafike n'komwe m'kabati. Mkulu wake, Purofesa, mdala wa ndevu zoyera woyenda ndi nkhwaira ngakhale kuzizire, anabwera n'kuyang'ana mapepala. Anamuuza kuti njira imeneyo aisiye, ayambe ina. Lerato anati zaka ziwiri zapita pa njira imeneyo, ndipo thandizo lake la sukulu likutha chaka chomwecho. Purofesa anangotambasula manja. Atatuluka, Lerato anaimbira amayi ake. Chisutu sindimva, koma kulira ndimakumva.

Masiku atatu ndinatsuka mabotolo osayang'ana munthu kumaso. Tsiku lachinayi ndinapita pachipata, n'kutenga thumba lija. Ndinapeza Lerato akudya buledi patebulo. Ndinaika kasipika patsogolo pake. Ndinatenga botolo limodzi lakale n'kuliimika pambali pake.

"Sisi, yang'anani."

Anayang'ana ine, osati botolo. Ndinaloza. Kadontho kakuda kanali kayamba kukwawa. Ndinamuuza kumene chinthucho chinkagona, kuyambira liti, komanso chifukwa chake. Mawu anga sanakwane khumi ndi asanu. Ndinavula jasi yoyera ya pantchito n'kuipinda, n'kuiika patebulo. Ndinkadziwa kuti ntchito yatha.

Lerato anawerama n'kuyang'anitsitsa kadontho kaja. Kenako ananyamula jasiyo n'kundimenya nayo paphewa. Kawiri, katatu. Akumenya akuseka, misozi ikutsika. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti wakhala milungu isanu akudziona ngati chitsiru chifukwa cha mitengo ya nsomba. Ndinati pepani. Anati ndisapepese, ndivale jasi, nditsuke mabotolo makumi awiri, akuphikanso kaphikidwe kakale lero lomwe.

Purofesa anandiitana masana. Ndinalowa ndili ndi chikwama changa kale paphewa. Kasipika kanali patebulo lake ngati mbuzi yogwidwa m'munda. Anandifunsa kuti anandiuza ndani. Ndinati palibe. Anafunsa kuti ndinadziwa bwanji, pomwe anthu atatu a madigiri anayang'ana mabotolo omwewo osaona kanthu. Ndinati iwo ankawatulutsa kaye m'kabati n'kuwayang'ana pa getsi, ndiye sakanadziwa kuti mbali ya kukhoma ndi iti. Ine ndinawaona ali pamalo pake. Ndinamuuzanso za usipa ndi nyali. Anandipatsa cholembera kuti ndijambule. Ndinajambula bwato, nyali, ukonde. Anafunsa mafunso ambiri a usipa kuposa a mabotolo.

Pomaliza anati kulakwa ndinalakwa, ndipo kukhala chete sabata yathunthu kunali kulakwa kwachiwiri, koposa koyamba. Ndinavomera. Anati chinthu chilichonse cha maginito chisadzayandikirenso kabati imeneyo. Ndinavomera. Anati kuyambira mawa, m'mawa uliwonse, ndiziyang'ana mabotolo onse ali pamalo pake n'kulemba m'kope zomwe ndaona. Ndinafunsa kuti mawa lake liti, popeza ndachotsedwa. Anati wandichotsa ndani.

Kasipikako anakakhomera shelefu yake kukhoma la kutali, pafupi ndi chitseko. Wina anamatapo pepala lolembedwa kuti mdani wa sayansi. Lerato anati chilango changa n'choti wailesi isamazimitsidwe akafika, amve nawo chomwe chinamuwonongera ntchito. Pofika kumapeto kwa chaka ankatha kupereka moni m'Chiyao. Anasiyanso kunditcha Malawi yekha. Ankati Ntate Malawi, ndiko kuti bambo.

Mabotolo atsopano anakhala sabata, kenako mwezi, fumbi lili lomwazikana bwinobwino. Tsiku lokawajambula anandiuza kuti ndinyamule ndine. Makinawo anali kuchipatala, tsidya lina la msewu. Pakhomo anatikhuthulitsa matumba. Makiyi, lamba, ndalama zachitsulo, foni, zonse m'bokosi. Woyendetsa makinawo anamanga kasipanala ku chingwe n'kuyandikira nako pang'ono, kuti ndione. Kanaima m'malere, chingwe chili gwa, ngati mbedza yakola kampango. Anati maginito amenewo sazima, usana ndi usiku.

Mabotolo analowa m'dzenje la makinawo. Phokoso lake ngati anthu khumi akukhoma malata. Pa kompyuta panatuluka timizere tozungulira, kalikonse kosalala, kopanda banga. Lerato analumpha ngati wagoletsa chigoli. Ine ndinangoti chabwino. Usiku wake Che Disi anagula nkhuku, nati tikudya maginito.

Ndinakhala pamalopo zaka zambiri. Lerato anamaliza, anavala mkanjo wofiira. Amayi ake anabwera kuchokera kumapiri kwawo n'kundipatsa bulangete lolemera ngati ukonde wonyowa. Anabwera ophunzira ena, a ku Nigeria, a ku India, wina wa ku Zambia amene tinkamvana chinenero. Aliyense watsopano ankauzidwa nkhani ya kasipika tsiku loyamba, ine ndili pomwepo pa sinki. Kope langa loyamba linadzaza, ndinayamba lina, kenako lina. Che Disi anabwerera ku Namwera maso atayamba kuvuta. Garaja inakhala ya anyamata osadziwa kugawa usipa. Mawondo anga nawo anayamba kudana ndi chisanu. Ndinatsanzika.

Kumudzi ndinapeza nyumba ya malata yomwe ndinkangoiona pa foni. Abiti Twaibu anali atanenepa, ali ndi mathandala ake asanu oyanikapo usipa, akulamula amuna ngati kapitawo. Mwana wanga wamkazi yemwe ndinamusiya akusewera fulaye anandilandira ndi khanda kumsana. Nyali za palafini zinali zitatha panyanja, asiginala akuyatsa mababu a batire. Pa doko anthu ankandipatsa moni akumwetulira mwachilendo. Mkazi wanga anandiuza chifukwa. Zaka zonsezo Che Ajibu ankauza anthu kuti mlamu wawo anawoloka mayiko atatu kukatsuka mabotolo, ntchito yomwe akanaipeza pa lesitilanti ya ku Monkey Bay. Ndinati sananame.

Koma Che Ajibu anali atatha. Msana. Mwendo wamanzere ankaukoka. Panyanja sankapitanso, ankangokhala pa doko kukalipira alovi. Kuchipatala cha pa boma anawalembera kalata yoti akajambulidwe ku Blantyre. Kalatayo inagona m'thumba la mkanjo miyezi iwiri. Anamva kuti amakulowetsa m'bokosi ngati maliro, ndipo ena amatuluka magazi atauma.

M'mawa wina ndikukonza mpanda, ndinawaona akubwera ndi ndodo. Chikwatirireni anali asanakhalepo pakhonde langa. Ankaima panja n'kuitana. Tsiku limenelo anakhala. Analankhula za mwera, za kukwera kwa petulo, za mbuzi ya mneba. Tiyi atatha anafunsa, akuyang'ana kumpanda, ngati makina a ku Joni aja ndinawaonako ndi maso. Ndinati ndinkapitako mwezi uliwonse. Anafunsa ngati munthu amatulukamo. Ndinati amatuluka. Anafunsa ngati ndili ndi chochita Lachitatu. Ndinati ndilibe.

Tinakwera minibasi. Njira yonse sanalankhule, zomwe sizinachitikepo. Kuchipatalako namwino anawafunsa ngati ali ndi chitsulo chilichonse pathupi. Anavula wotchi, anatulutsa makiyi, nati basi. Ine ndinapempha namwinoyo kuti atipatse kanthawi.

Aliyense amene anasambapo nawo panyanja amadziwa chingwe cha m'chiuno mwawo. Chili ndi chithumwa chachikopa chomwe anawamangira malume awo tsiku lomwe anagula chilimira choyamba. M'kati mwake muli mbedza. Iwo eni ankanyadira zimenezo kale, kuti n'chifukwa chake nsomba siziwathawa. Sichivulidwa, ndipo munthu wina sachigwira.

"Alamu, cha m'chiunocho."

"Chimenecho si chitsulo. Ndi cha makolo."

"Makinawo sadziwa makolo. Akoka mbedzayo, ndi nyama yomwe."

Anafunsa ngati ndikunena zoona kapena ndikubwezera. Ndinati ndikanafuna kubwezera ndikanangokhala chete. Anatembenukira kukhoma, n'kumasula. Anayang'ana bokosi la namwino lija, anayang'ana ine. Anachiika m'dzanja langa n'kulitseka ndi lawo.

"Chisagunde pansi."

Ndinakhala pabenchi dzanja lili chotseka mpaka anatuluka. Anatuluka akuyenda okha, akudandaula kuti phokoso lake likuposa injini yakufa pulagi, koma anagonamo tulo pang'ono. Dokotala anationetsa chithunzi. Fupa la msana linkapana mtsempha. Anati n'zotheka kuthandiza, si chotupa. Che Ajibu anafunsa ngati anawathira fumbi langa lija. Ndinati ayi, lathu silinafikebe m'zipatala, Lerato akulimbana nalobe, amanditumizira uthenga nthawi zina. Anati achite changu mtsikanayo. Pobwerera analankhula kuyambira Limbe mpaka Liwonde, n'kundigulira chimanga chootcha.

Patapita masiku ndinatsikira ku doko m'mawa kukaona usipa wa mkazi wanga. Alovi anali atakhala pamchenga akusoka chilimira. Che Ajibu anali pakati pawo pa kreti, ndodo ili pamiyendo, akufotokoza. Anati iwo analowa m'makinamo osaphethira n'komwe. Anati madokotala a ku Blantyre ataona mlamu wawo anaimirira, chifukwa makina amenewo amawadziwa m'kati ndi kunja. Atandiona anasuntha pa kretipo n'kumenya ndi dzanja malo otsalawo kuti ndikhale.

Mlovi wina wachikulire, amene analipo pa depoti tsiku lija, analuma ulusi n'kulavula.

"Che Ajibu, kodi si omwewa munkati amangotsuka mabotolo?"

"Mabotolo ake mukuwadziwa inu?" anatero Che Ajibu. "Sokani ukonde."

Onse anatembenukira kwa ine, kudikira. Ndinayang'ana malo aja pa kreti. Ndinakutumula mchenga ku nkhwaira zanga, n'kupitirira kumathandala.